Pamene Kamera Inaima

Lolemba, 3 Malichi

Ndapita. Mwana wanga wamkazi ndiye anandilembetsa, osandifunsa n'komwe, ndiye ndinati ndikangoonekera kamodzi kuti asadzati ndinakana. Ndi kalasi ya oyamba kumene pa koleji, yophunzira kaoneredwe ka mafilimu. Akuti aliyense akhoza kulowa, ngakhale ife amene sekondale tinaisiyira panjira kalekale. Mawu ake anali akuti, "Ababa, chimwalirireni amayi mumangokhala pampando kuyang'ana khoma. Bola mukayang'ane khoma loti pakuyenda zithunzi." Sananame.

Chipinda chake chili m'mwamba, mazenera otchinga ndi nsalu zakuda, mipando yokhala ndi kathabwa kolemberapo. Kathabwa kanga kakugwedera, sikuluu imodzi inachoka. Achinyamata okhaokha, kupatula ine ndi mayi wina wa saluni amene anakhala pambali panga. Akuti akufuna azijambula yekha zotsatsa malonda ake. Aphunzitsi ndi mayi wochepa thupi koma mawu ake odzaza chipinda.

Ndachititsa manyazi imvi zanga tsiku loyamba lomwe. Anafunsa kuti ndani akudziwa felemu. Ine, poti ukalipentala ndiye ndakalamba nawo, ndinakweza dzanja n'kufunsa ngati akunena ya chitseko kapena ya zenera. Kalasi yonse kuseka. Aphunzitsi anadikira kuti phokoso lithe, n'kufotokoza kuti felemu yawo ndi malire a chithunzi, mbali zinayi zija zimene zimaonetsa zina n'kutsekera zina kunja. Koma anati ya zenera ndi m'bale wake, ndisatsitse dzanja mwamanyazi. Ndinawathokoza mumtima.

Potuluka mayi wa saluni anati, "Tionana Lachitatu, Bambo a Felemu." Dzina lamera.

Lachitatu, 5 Malichi

Ndapitanso. Sindikudziwa chifukwa chake.

Kumeneku filimu saonera ngati kunyumba. Amazimitsa mawu, n'kuonetsa kachidutswa kakang'ono, kenako aphunzitsi amati "Imitsani!" ndipo chithunzi chimauma pakhoma. Ana awapatsa kale dzina, akuti Amayi Imitsani. Akaimitsa amafunsa kuti kamera yaima pati, ikutionetsa chiyani, nanga yatibisira chiyani. Akuti palibe chithunzi chimene chimangochitika chokha, pamakhala munthu amene wasankha poima.

Lero anaonetsa mayi ali yekha m'chipinda, akuthira tiyi. Kamera sinapite pankhope pake, inangokhala pa tebulo. Makapu awiri. Anathira imodzi, dzanja n'kuima pamwamba pa inayo. Aphunzitsi anafunsa kuti taona chiyani. Ana anayankha zambiri, zina zanzeru ndithu. Ine ndinangoyang'ana kathabwa kanga. Zimenezi zinandichitikira sabata yatha yomweyi.

Akazi anga ndiwo ankakonda mafilimu. Ine ndinkagona filimu isanafike pakati, iwo ali mkati molangiza anthu a pa TV: usalowe m'menemo iwe, mwamunayo ndi wabodza, taona nsapato zake. Akanakhala m'kalasi muja bwenzi atawathamangitsa tsiku loyamba, kapena atawapatsa choko kuti aphunzitse.

Anthu amati malemu. Mawu amenewa pakamwa panga sanakhazikike. M'buku muno ndizingoti iwo.

Lachisanu, 7 Malichi

Ndaika sikuluu m'thumba la jekete, ya kathabwa kaja. Ndaipeza mu dirowa ya kukhitchini. Ku shedi kumene kuli zida zanga sindinatsegule chichokereni iwo, ndipo lero si tsiku lake.

Lolemba, 10 Malichi

Kathabwa ndakonza kalasi isanayambe. Mayi wa saluni anandipeza nditagwada, akuti mpando wake nawonso ukulira, kodi ndimalandira maoda.

Nkhani yavuta. Aphunzitsi apereka ntchito: Lachitatu la sabata yamawa aliyense abweretse kavidiyo kakafupi, kojambulidwa ndi munthu wamba, ka pafoni, akaonetse kutsogolo ndi kufotokoza. Osati za akatswiri. Akuti akufuna tione kuti ngakhale azakhali athu akagwira foni amasankha poima.

Ine ndili nako kamodzi kokha. Kali mufoni yawo, imene ili mu kabati chizimireni.

Zithunzi zawo ndili nazo, zoima chilili, atavala bwino, nkhope ya pa chiphaso. Koma choti ndiwaone akuyenda, akutembenuka, akupukuta manja pa epuloni, ndilibe. Maliro atatha, mwana anapeza kavidiyo mufonimo, tinakhala pansi tonse awiri mitima ili m'mwamba. Kuyatsa, ndi ine. Ine ndekha, ndikukhoma felemu ya zenera kukhitchini, msana, dazi, kabudula wong'ambika. Iwo anajambula mondibisira, ndiye sanayankhule ngakhale liwu limodzi. Chithunzi chogwedera, kumapeto kuwala kokhakokha. Mulibemo nkhope yawo, mulibemo mawu awo. Tsiku limenelo ndinakwiya, sindikudziwa kuti ndinakwiyira ndani. Ndinauza mwana kuti azimitse, ndipo sindinakaonenso.

Chimene ndikuopa ndi ichi: kayendedwe kawo kayamba kundithawa m'mutu. Ndikatseka maso ndimaona chithunzi cha pa chiphaso chija. Ndiye chinthu chokhacho chimene anandisiyira chikuyenda chikhale chopanda iwo, ndikachionetsenso kwa ana a eni?

Mwina kalasi ithere pomwepa. Ndaphunzirako felemu yachiwiri, zakwana.

Lachitatu, 12 Malichi

Ndinapita kuti ndikatsanzike bwino, osangosowa ngati wakuba.

Phunziro linali la msinkhu wa kamera. Ukamujambula munthu kuchokera pansi amaoneka wamkulu, wamphamvu, woopsa kumene. Kuchokera pamwamba amachepa, amaoneka wosowa chochita. Anaonetsa munthu mmodzi yemweyo m'njira ziwirizo, ndipo ndinadabwa, ngati anthu awiri. Mayi wa saluni anandinong'oneza kuti tsopano wadziwa chifukwa chake apongozi ake amakonda kuima pa sitepe akamayankhula naye. Ndinaseka mokweza mpaka ana kutembenuka. Ndinali nditaiwala kamvekedwe ka kuseka kwanga.

Anthu atatuluka ndinatsalira. Ndinauza aphunzitsi kuti ntchito ija sindikwanitsa, kavidiyo kalipo koma mulibe kanthu, munthu amene ndimamufuna mulibemo. Anali akukulunga chingwe cha pulojekita. Anafunsa kuti anajambula ndani. Ndinati akazi anga, anatisiya chaka chatha. Anasiya chingwe chija, anapepesa, osachulutsa mawu. Kenako anati sandikakamiza, ndikhoza kubwereka ka munthu wina kapena kungobwera kudzamvera anzanga. Ndili pakhomo anawonjezera kuti, "Koma bambo, kavidiyo kopanda munthu kulibe. Wina amakhala atagwira foni."

Ndinatsika masitepe nditakhumudwa pang'ono. Zophweka kunena.

Sindinatsanzike.

Loweruka, 15 Malichi

Mwana anabwera ndi sopo ndi mababu awiri. Ndinamuuza za ntchito ija. Anaulula kuti iye kavidiyoko anakatumiza pafoni yake kalekale, ndipo wakhala akukaimitsa pena paliponse kufunafuna amayi ake, mwina pa ketulo yonyezimira, mwina pagalasi la kabati. Palibe. Ngakhale chala. Anati ngati ndikufuna andijambulire magalimoto pamsewu ndikaonetse zimenezo, aphunzitsi sangadziwe. Ndinati aphunzitsi amenewa adziwa.

Anatsuka mbale. Mwanayu anatengera ine kutalika, ndiye pa sinki anawerama kuti aone kunja, n'kudandaula monga amachitira nthawi zonse: zenera ili munaliikira ana a sukulu ya mkaka? Ndinamukumbutsa kuti si ine. Amayi ake analipempha kwa zaka, khitchini inali yamdima. Nditavomera, anatenga choko n'kulemba okha pakhoma pamene pakhale zenera. Ndinawauza kuti latsika kwambiri, ndiponso lapita kumanzere, silikhala pakati pa sinki, anthu adzati kalipentala wa nyumba ino anali ataledzera. Anati akufuna aziona zovala pachingwe mvula ikamabwera, ndipo wotsuka mbale ndi iwo, osati anthuwo. Tinakangana masiku angapo. Ndinagonja, ndinaboola momwe analembera. Mpaka lero ine ndikaima pa sinki ndimangoona pansi, ngalande ndi beseni lakale.

Analigwiritsa ntchito miyezi yochepa chabe asanadwale.

Mwana anatchaja foni ya amayi ake, anaisiya pa tebulo. Pochoka anati, "Ababa, simukukakamizidwa. Koma masiku ano mukumeta ndevu, ndaona."

Lamulungu, 16 Malichi

Masana, nditabwerako kopemphera. Ndinatseka katani ngati m'kalasi. Ndinazimitsa mawu, ngakhale mulibe mawu ena koma hamala. Ndinadziuza kuti sindikufuna munthu, ndikuchita ntchito ya kusukulu basi. Kamera yaima pati.

Yaima pakhomo la khitchini, theka la chithunzi ndi chitseko. Iwo akubisala. Kenako chitseko chikuchoka, ndiye kuti alowa, mwakachetechete, poti ine sindikutembenuka. Ndikuyesa felemu pabowo. Ndikuitsitsa. Ndikusisita m'matumba, ndikusuntha zida, ndikuyang'ana pansi pa sinki. Apa chithunzi chikuyamba kugwedera, pang'ono, kenako kwambiri.

Ndinaimitsa. Ndinabwereza. Kale ndinkati ndi kusadziwa kugwira foni.

Ndikufuna pensulo. Pensulo ili kukhutu kwanga.

Akuseka. Akuseka osatulutsa mawu, momwe ankachitira m'tchalitchi mlaliki akalakwitsa dzina la mkwati, mapewa okha kugwedezeka. Kugwedera kumeneko ndi mapewa awo.

Sindinamalize. Ndinaika foni chafufumimba pa tebulo, ndinakakhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka.

Lolemba, 17 Malichi

Sindinapite. Thupi lolemera.

Madzulo mayi wa saluni anaimba, nambala anaitenga pagulu la kalasi. Akuti mpando wanga wokonzedwa bwino uja ana ayamba kuulimbirana, iye waikapo chikwama, koma sangaulondere mpaka kale. Akuti Lachitatu iye aonetsa kavidiyo ka mphwake akuluka tsitsi, mutu wa kasitomala wadulidwa pakati, ndiye ndibwere kuti asachite manyazi yekha. Za akazi anga sanafunse, ngakhale ndikuganiza kuti anamva. Anthu ena amadziwa kugogoda.

Lachiwiri, 18 Malichi

Ndasita malaya oyera. Foni ili m'thumba la jekete.

Lachitatu, 19 Malichi

Ndilembe zonse ndisanaiwale.

Anayamba ana. Wina anaonetsa galu akuthamangitsa njinga, wina phwando la tsiku lobadwa, wojambula akungotsata keke. Mayi wa saluni anaonetsa mutu wodulidwa uja, n'kunena kuti kamera yatibisira nkhope chifukwa kasitomalayo anali asanadzole, kalasi yonse m'manja. Ine anandiika kumapeto. Ndikuganiza kuti aphunzitsi anachita dala, kuti ndikafuna kuthawa ndithawe.

Sindinathawe. Ndinangonena kuti uyu ndi ine, ndikuika felemu, ya zenera. Anaseka, kuseka kwabwino. Za wojambula sindinanene.

Pakhoma ndinaoneka wamkulu ngati chimphona. Sindinadzionepo chonchi. Dazi lokha ngati beseni.

"Imitsani," anatero aphunzitsi, n'kufunsa kalasi za msinkhu wa kamera. Mtsikana wina wa magalasi, amene amakhoza zonse, anati kamera ili pansi, ikuyang'ana m'mwamba, choncho wojambula akufuna kutionetsa kuti bamboyu ndi munthu wamphamvu, mwini nyumba, wolemekezeka. Ena anavomereza. Aphunzitsi anandifunsa ngati ndi zoona.

Ndinati, "Ayi. Anali aafupi chabe. Ankandilekeza apa." Ndinaloza pathumba la malaya.

Anaseka, kenako kuseka kunazima kokha, poti anamva kuti ndati ankandilekeza. Mtsikana uja anagwira pakamwa. Ndinamuuza kuti asadandaule, wayankha momwe anatiphunzitsira. Aphunzitsi anati palibe walakwa. Anati foni anaigwira pamaso pawo, ndiye chimene tikuona pakhomapa ndi momwe mayiwo ankandionera tsiku lililonse.

Ndinayang'ananso. Chibwano chochokera pansi, mphuno, khutu ndi pensulo yake. Zaka zonse zija ine ndinkaona pamwamba pa mutu wawo, pamene imvi zinayambira. Sindinaganizepo kuti iwo ankaona chiyani.

Pofika pogwedera paja ndinafotokoza ndekha za pensulo. Mawu anandithawa pang'ono, mayi wa saluni anakhosomola mokweza mpaka ndinawapezanso. Ana anapempha kuti tibwereze. Tinabwereza, ndipo nthawi iyi chipinda chonse chinaseka pamodzi ndi iwo, pamalo pomwe iwo ankaseka. Chimenechi sindidzaiwala.

Kenako mbali imene Lamulungu sindinafike. Ine ndapeza pensulo, ndalowetsa felemu pabowo, ndapatuka kukatenga misomali. Kamera sikunditsata. Ikupita kutsogolo, mpaka pa sinki, ikuima. Felemu yopanda galasi yadzaza chithunzi chonse, mkati mwake kuwala koyera, dzuwa linachuluka, foni inalephera. Ikukhala pomwepo nthawi yaitali ndithu. Kenako kutha.

Ndinati apa anaiwala kuzimitsa. Aphunzitsi anati tibwereze. Anafunsa kalasi kuti chasintha n'chiyani. Mtsikana wa magalasi uja, mawu ali pansi, anati sikukugwederanso. Zoona. Kavidiyo konse kamayendayenda, koma apa dzanja lili phee. Aphunzitsi anati munthu woiwala kuzimitsa amajambula mapazi ake kapena denga. Uyu akuyang'ana chinachake.

Ndinati ndi chingwe cha zovala, ndicho anafunira zeneralo. Anandifunsa ngati ine ndikaima pamenepo ndimachiona chingwecho. Ndinaganiza. Ndinati ine ndimaona ngalande.

Anati, "Ife tili kuno sitingadziwe, chithunzi chapsa ndi dzuwa. Koma inu muli ndi mwayi umene ife sitikhala nawo ndi mafilimu enawa. Malowo muli nawo kunyumba. Mukaime pamene kamera inaima." Ndikutenga foni anawonjezera kuti, "Osati malo okha, bambo. Msinkhunso."

Potuluka ana angapo anandipatsa moni wa dzanja, mmodzimmodzi. Mayi wa saluni anandiperekeza mpaka pokwerera basi, akukamba za mitengo ya mankhwala a tsitsi njira yonse, ndipo ndinamuthokoza chifukwa cha zimenezo.

Ndafika kunja kutada kale. Mawa.

Lachinayi, 20 Malichi

Ndinadikira kuti dzuwa likwere, lifike mbali imene linali tsiku lija.

Ndinaima pa sinki, chakumanzere pang'ono, pamene simenti inasalala ndi mapazi awo. Kuyang'ana kunja: ngalande, beseni, udzu. Monga masiku onse. Thabwa la pamwamba la felemu limandidula pamaso.

Ndinagwira m'mphepete mwa sinki, ndinayamba kupinda maondo. Analira onse awiri. Ngalande inatsika n'kusowa. Beseni linasowa. Ndinatsikabe mpaka maso anafika pamene pamakhala thumba la malaya.

Chingwe cha zovala sichioneka n'komwe. Chili kumanja, kuseri kwa khoma. Ngakhale mvula itagwa ya matalala, pazenera ili sungaone chovala chimodzi.

Chimene chili mu felemu ndi chitseko cha shedi. Chonse, kuyambira pansi mpaka pamwamba, pakati penipeni, ngati munthu anachita kuyeza ndi tepi. Anayezadi, ndi choko, ine ndikuwauza kuti zapotoka.

Ndimagwira ntchito chitseko chili chotsegula, benchi yanga imayang'ana kunyumba. Miyezi ija ankabwera ndi tiyi nthawi yomwe ndangoika chopalira pansi. Tsiku lina ndinadzicheka chala, ndisanaitane n'komwe anali atafika ndi nsalu. Ndinkawauza kuti ali ndi makutu a mphaka. Ankangoti eya.

Ndinakhala choncho, chopinda, mpaka miyendo kunjenjemera. Chitseko chotseka, loko wachita dzimbiri, udzu wamera pakhomo. Si zimene ankaona.

Kiyi anali pa msomali wake kuseri kwa kabati. Loko anavuta, ndinathira mafuta ophikira. Ndinatsegula mbali zonse ziwiri za chitseko, ndinaziikira miyala. Fungo la utuchi likadalimo. Ndinabwerera kukhitchini, ndinapindanso maondo.

Benchi ili pakati.

Ndinaimbira mwana kuti Loweruka abwere, pali choti adzaone, koma avale nsapato zafulati ndipo akonzeke kuwerama. Anafunsa ngati ndili bwino. Ndinati ndili ku shedi. Anati abwera ndi mpando wake wina wothyoka, ndidzamukonzere.

Ndikulemba izi nditaima pa benchi. Kuchokera pano zenera likuoneka laling'ono, lotsika, lopita kumbali, galasi likunyezimira moti mkati simuoneka. Pensulo ndaipeza pomwe ndinaisiya, pafupi ndi chopalira. Ndaipukuta fumbi, ndaiika kukhutu.